Mthenga Wodula Mawu

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka mu wodi ya amayi othyoka mafupa, bedi lachitatu kuchokera pakhomo. Fupa lalikulu la m'munsi mwa bondo lathyoka pawiri. Ndinagwa pa njinga yamoto dzulo ndikupita kukafunsira ntchito, ndipo amene ankauza woyendetsa kuti awonjezere moto ndinali ine ndemwe. Adokotala ati opaleshoni mawa, amanga fupalo ndi kachitsulo ndi timisomali. Ndafunsa kuti ndituluka liti. Ati ndiyambe ndalowa kaye.

Ndikulemba kuti ndisapenge. Chaka chikutha digiri ya zachuma ili m'chikwama, ndiye mwendo nawo wati undiimike pamzere.

Zofunika kusintha muno ndaziona kale. Belu loitanira anamwino lili kumutu kwa bedi, kumene munthu wothyoka sangafikire. Zenera lotseguka ndi limodzi lokha. Tiyi amabwera mankhwala atapita kalekale, pamene akuti mankhwalawo tizimwa titadya. Ndauza Sisitala zonsezi mwaulemu. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku bandeji, kenako alengeza kwa wodi yonse kuti lero talandira Anduna. Dzina lamatirira.

Lachitatu, 5 Juni

Opaleshoni yatheka. Mwendo ngati ndabwereka. Ndasanza kawiri. Amayi anga akuti potsitsimuka ndimalamula madokotala kuti afulumire.

Lachisanu, 7 Juni

Mutu wabwerera m'malo mwake. Diripi yachoka, kwatsala mapiritsi opha ululu katatu patsiku ndi kajakisoni kapamimba koti magazi asaundane. Adokotala ati pa ekisire fupa lakumana bwino.

Anansi anga. Kumanzere kuli Atelala, amayi achikulire a mawu otsika ngati akuopa kudzutsa khanda. Anawaika chitsulo m'malo mwa fupa la m'chiuno masabata awiri apitawo. Moyang'anana nane kuli Apolisi, phewa ndi mkono zili mu pulasitala. Alendo amawauza kuti ankathamangitsa mbava, ife amatiuza zoona: sopo wa m'bafa. Kumapeto kwenikweni kwa wodi, pa zenera lotseguka lija, kuli Aphunzitsi, amene anapuma ntchito kalekale. Ntchafu yawo aikoka ndi chingwe, zitsulo zolemera zikulendewera kumiyendo kwa bedi, ndiye sasuntha. Khutu limodzi linatseka, linalo limamva likafuna. Iwo amayesa akunong'ona, koma mawu awo ndi oimika ana pamzere, amamveka mpaka kukhonde.

Ndiye muno muli buku. Wodwala wina analisiya, chinovelo chonenepa chopanda chikuto, dzina lake palibe akulidziwa. Anthu ankalimbirana, ndiye Atelala analing'amba pamsana kukhala zigawo zisanu, n'kusoka chilichonse ndi ulusi wakewake: wofiira, wachikasu, wobiriwira, woyera, wakuda. Muno sufunsidwa kuti uli tsamba lanji, amafunsa kuti uli pa ulusi wanji.

Ine ndapempha wakuda. Wodi yonse yanditembenukira ngati ndatukwana. Ndafotokoza kuti ndimayamba ndaona mathero kuti ndidziwe ngati buku likuyenera nthawi yanga. Sisitala atawabwerezera Aphunzitsi mawu angawo kukhutu, iwo ati, "Mpatseni wofiira mwanayo. Kumene akuthamangirako akumudikira ndani?"

Ndili pa wofiira.

Loweruka, 8 Juni

Kwabwera bambo wophunzitsa odwala kuyenda, muno amangoti Amafizo. Wamtali, woonda, oseka asananene nthabwala yake. Andipatsa ndodo ziwiri, ati phazi lodwala lisaponde pansi. Ndafika pakhomo, ndimafuna ndipitirire mpaka kukhonde, andibweza. Ati fulumira adadya gaga. Ndati wochedwa anapeza ntchito atalemba ena.

Kenako apita pa bedi la Atelala ndi chitsulo choyendera cha miyendo inayi. Atelala achiyang'ana ngati galu wolusa. "Mawa, mwana wanga." Amafizo anyengerera, aseka, awaimbira dala kanyimbo, koma ayi. Chitsulo achisiya pambali pa bedi, Atelala ayanikapo kansalu kopukutira kumaso.

Apolisi andiuza kuti tsiku loyamba kuwaimika, Atelala anachita chizungulire n'kugwera m'manja mwa Amafizo. Sanavulale, koma kuyambira pamenepo mapazi awo sanaonenso simenti. Ine sindikumvetsa. Munthu kukhala ndi chilolezo choponda pansi, n'kumakana. Akanandipatsa ine chilolezocho bwenzi pano ndili pa siteji ya basi.

Lamlungu, 9 Juni

Tsiku la alendo ambiri. Amayi abwera ndi mazira owiritsa ndi malalanje, achimwene abwera ndi nkhani yoti ntchito ija analemba wina. Ndadya mazira atatu mwaukali.

Wofiira ndamaliza, ndalanda wachikasu kwa Apolisi. Nkhani yake ndi ya atsikana awiri apachibale. Wamkulu wabereka mwana wamkazi, bambo wa mwana wazemba, kwawo kulibe ntchito. Ndiye wasiya khandalo m'manja mwa mng'ono wake, iye wawoloka nyanja kukagwira ntchito mu fakitale yosoka magolovesi. Wati abwera pakatha chaka. Zaka zikungopita.

Wodi inagawanika kale pawiri, a kwa Mkulu ndi a kwa Mng'ono. Aphunzitsi ndi mtsogoleri wa a kwa Mng'ono, buku analimaliza, pano akubwereza kachiwiri kusaka umboni. Atelala ali kwa Mkulu, koma amawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere, ndipo tsamba likawakoma amabwerera. Ali pa wobiriwira chiyambire sabata yatha. Apolisi alibe mbali. Akuti buku lopanda mtembo ndi lotayitsa nthawi, koma akuwerengabe chifukwa mwamuna wa Mng'ono sakumukhulupirira, munthu sangamatsuke mbale tsiku lililonse popanda chimene akubisa. Pambali ali ndi lawo lina la ofufuza milandu limene amuna awo anabweretsa, ndipo wakuphayo anamutulukira pa tsamba lachisanu. Akuti akungopitiriza kuti aone wofufuza wa m'bukumo achedwa mpaka pati.

Andifunsa maganizo anga. Ndati vuto si Mkulu kapena Mng'ono, vuto ndi kusowa kwa ntchito kwa achinyamata, ndipo wolemba wataya masamba asanu ndi awiri akufotokoza mvula pa denga m'malo mofunsa amene anatseka mafakitale a kwawo. Apolisi aombera m'manja pa ntchafu ndi dzanja lawo limodzilo. Atelala angoti, "Mvula ijatu imagwa tsiku limene ananyamuka, Anduna. Ukanakonda igwe mwachangu?"

Lolemba, 10 Juni

Adokotala aakulu azungulira wodi ndi gulu lawo. Ine ati ndikhoza kutuluka Lachitatu. Ndatsala pang'ono kuwapsompsona nsapato.

Pa bedi la Atelala anakhalitsa. Makatani anatseka, koma katani si khoma. Ati opaleshoni inayenda bwino, chitsulo chili m'malo, cholepheretsa palibe, koma minofu ikufota tsiku ndi tsiku ndipo chiuno chikauma chauma. Akapanda kuyenda pofika Lachisanu la sabata yamawa, awatulutsa pa chikuku, ndipo ambiri otuluka pa chikuku sadzukamonso.

Gulu litapita Atelala anatenga ulusi wobiriwira n'kuuyang'ana osatembenuza tsamba. Patapita nthawi andiuza kuti makina awo osokera ndi opalasa ndi mapazi, anagula ali mtsikana, amagetsi sawadziwa ndipo sawafuna. Ndati ndiye imani. Ati akangoganiza zoponda pansi, simenti imapita kutali ngati akuyang'ana m'chitsime.

Ndawawerengera pa foni zimene akatswiri amanena za anthu oyenda msanga akachitidwa opaleshoni. Amvetsera mwaulemu mpaka kumapeto. Kenako andipempha ndiwatolere lumo lawo lagwa.

Lachiwiri, 11 Juni

Bala latentha, latupa, likutuluka mafinya pa nsonga yakumunsi. Thupi 38.7. Atenga mafinya ndi magazi kukayeza. Andibaya kanyula, kapaipi kolowetsera mankhwala, padzanja lamanzere, mankhwala a m'mitsempha katatu patsiku kwa masiku khumi, mwina kupitirira. Zotuluka mawa zafera m'mazira.

Ndalira mokwiya, nkhope kukhoma.

Lachitatu, 12 Juni

39.1. Kuzizidwa. Amasula timfundo tiwiri kuti bala lichape. Sindinawerenge.

Lachinayi, 13 Juni

38.2. Maso akukana zilembo. Atelala andiwerengera wobiriwira ndi timawu tawo tija, anabwerera poyambira chifukwa cha ine. Pamene mwana wayamba kuitana Mng'ono kuti amayi, ndipo Mng'ono akumukonza kamodzi, kawiri, kachitatu n'kungosiya. Anaima pamenepo kanthawi. Ine ndinagona asanapitirize.

Loweruka, 15 Juni

37.3. Njala yabwerera ndi abale ake. Adokotala ati zoyeza zaonetsa kuti mankhwala amene ndikulandira ndi oyenera kachilomboko, ndipo matenda sanafike pa fupa. Bala akutsuka m'mawa uliwonse. Ndodo andibwezera.

Ndipo ndapeza ntchito. Chiyambire kale Aphunzitsi akanena maganizo awo pa buku wodi yonse imamva, koma Atelala akayankha mawu awo amathera pa bedi langa. Ankadalira Sisitala kapena amayi okolopa kuwanyamulira yankho akamadutsa, nthawi zina limafika mawa lake. Ine ndaona kuti apa pali kusayenda bwino kwa zinthu, ndadzipereka. Atelala amandiuza, ine gogodo gogodo ndi ndodo mpaka kuzenera, n'kufuula m'khutu la Aphunzitsi lamoyo lija. Yankho silifuna wonyamula, limafika lokha ine ndisanatembenuke. Amafizo ati ndi mafizo abwino, ndipitirize.

Mlandu wa lero: Mkulu kutumiza nsapato zofiira zimene zafika zitachepa. Aphunzitsi akuti mayi wosadziwa phazi la mwana wake ndi mlendo. Atelala anayankha zambiri. Anati munthu ali kutali mwana sakula m'mutu mwake, amakhalabe msinkhu umene anamusiya, ndiye Mkulu poyeza nsapato m'sitolo ankayeza ndi chikhatho chake chimene chinagwira kaphaziko komaliza, ndi zina zotero, zokoma ndithu koma zazitali. Ine nditafika kuzenera ndati, "Akuti sanali kudziwa saizi."

Aphunzitsi ati zimenezo ndi zimene iwo anena. Nditabwerera ndapeza Atelala akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ati anandituma ndi mtanga wodzaza, ndakafika ndi chipande. Ndawafotokozera kuti ku yunivesite anatiphunzitsa kutenga mfundo yaikulu n'kusiya madeya. Ati madeyawo ndiye amafuna akafike.

Lamlungu, 16 Juni

Kwa Atelala kwabwera mayi wina wovala bwino, amagwira ntchito ku banki, ndi supu ya nkhuku mu fulasiki. Wawapesa tsitsi, wawadzoza mafuta m'mapazi, wawakalipira mwachikondi za chitsulo chosanduka choyanikira. Amawaitana kuti mayi aakulu. Supu watigawira tonse, Apolisi awonjezera kawiri ati akufufuza chimene chaikidwamo.

Atapita ndati mwana wa mng'ono wanuyu amakukondani zedi. Atelala anali kusoka batani la Sisitala. Ati, "Ndinabereka ndine. Analera ndi mng'ono wanga, ine ndili ku tawuni kuphunzira makina." Aluma ulusi, apereka batani kuti ndione ngati lalimba.

Ine kukamwa yasa. Iwo aseka, ati nditseke pakamwa ntchentche zingalowe, nkhaniyo si yachisoni, mwana wa mayi awiri sagona ndi njala.

Wobiriwira tamaliza tonse. Ine ndatenga woyera, ndaulonjeza kwa iwo mawa.

Lolemba, 17 Juni

Kanyula yatseka, abaya ina kudzanja lamanja. Kulemba kukuvuta.

Ndinakonza pulani. Woyera ndamaliza m'mamawa, koma m'malo mowapatsa Atelala ndakausiya pa tebulo la pakati pa wodi, poonekera. Ndati amene akuufuna akatenge yekha. Ndinauzanso Apolisi ndi Sisitala kuti asathandize. Ndinali wonyada ngati ndalemba ndondomeko ya dziko.

Atelala ayang'ana tebulo, ayang'ana ine. Adikira amayi okolopa afike pa bedi lawo, awafunsa za mwana wawo wodwala chifuwa, awalonjeza kuwapindira yunifolomu, kenako ati, "Mundipatsireko timapepala tili apoto, achemwali." Pulani yathera pomwepo.

Amafizo masana ayesanso. Afika powakhazika m'mphepete mwa bedi, miyendo ikulendewera, zala zatsala pang'ono kukhudza pansi. Nkhope yawo inatuwa, manja anagwira matiresi ngati bedi likuyenda. Awabwezeretsa. Amafizo potuluka sanaseke. Andinong'oneza kuti minofu ikadalipo yokwanira, chimene chikusowa si cha m'miyendo.

Naye Amafizo wagwidwa. Ndamupeza kukhonde ataima ndi ulusi wachikasu. Akuti ali kwa Mng'ono koma tisawauze Atelala.

Lachiwiri, 18 Juni

36.9. Bala lauma m'mbali, mafinya asiya. Adokotala ati mankhwala tipitirize mpaka athe, ndisayambe nzeru.

Lero kunali nkhondo ya miyambi. Aphunzitsi aponya wawo kuchokera kuzenera: mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Atelala andituma ndi wawo, ndipo poti unali waufupi ndaufikitsa wathunthu: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndaufuula pakati pa wodi ya amayi othyoka miyendo. Anthu aseka mpaka zitsulo za Aphunzitsi kugwedezeka, mayi wina wa nthiti zothyoka amapempha kuti tisiye, tikumupha. Sisitala abwera kudzatikalipira, atamva chimene chanenedwa atuluka atagwira pakamwa.

Koma mauthenga ena onse ndawadula, ndivomere. Mtunda ndi wautali, m'khwapa mukupweteka ndi ndodo, ndipo Atelala sayamba mfundo pamutu, amayambira kumchira n'kuzungulira. Choipa n'chakuti ndikamafuula kuzenera iwo amamva zonse. Akuti ndine telala woipa, wodula nsalu asanayeze.

Wakuda ndamaliza. Mkulu wabwerera kwawo mwana akulandira digiri. Makhadi olowera ndi awiri okha, la bambo womulera ndi la mayi. Mng'ono wapereka lake kwa mkulu wake. Mkulu walibweza mwakachetechete m'thumba la jekete la Mng'ono, iye wakaima kuseri kwa mpanda wa waya padzuwa, kuyambira m'mawa mpaka mwambo kutha, akumva dzina la mwana wake pa chimkuzamawu. Kenako wakwera sitima osatsanzika. Basi, buku lathera pa sitima.

Ndakwiya. Masamba onsewo, ndiye munthu osalowa n'komwe? Ndikanakhala ine ndikanakalowa ku ofesi ya mkulu wa sukulu kukafunsa amene analamula kuti mayi akhale mmodzi. Apolisi akhumudwa kuposa ine. Mwamuna wa Mng'ono anali wabwino basi, mbale ankatsuka chifukwa zinali zakuda.

Koma ndimvereni ine, ndabwerera pa tsamba la mpanda kawiri. Sindinauze munthu.

Lachitatu, 19 Juni

Atelala athamanga ndi woyera, atenga wakuda masana. Sanasoke kanthu lero, sanatume uthenga. Aphunzitsi afunsa kawiri ngati a kwa Mkulu athawa. Chakudya chamadzulo chisanafike ndawaona akutseka tsamba lomaliza, avula magalasi, awapukuta nthawi yaitali.

Chikuku achibweretsa kale, chili pakhomo, chatsopano, mapulasitiki akadali potsamiritsa mikono. Mayi wa ku banki ndiye wagula. Aliyense akudutsa ngati sakuchiona. Lachisanu ndi mkuja.

Lachinayi, 20 Juni

Za lero ndilemba zonse.

M'mawa mwachizolowezi: 36.8, bala atsuka, mankhwala alowa. Masana Amafizo anali pa bedi la mayi wa nthiti uja. Aphunzitsi atamva kuti Atelala amaliza, apereka chigamulo chawo ndi mawu a pamzere aja. Ati awerenga kawiri ndipo maganizo sanasinthe: Mkulu anathawa koyamba mwana ali khanda, wathawanso kachiwiri mwana atakula. Wamantha amakhala wamantha, kaya wavala nsapato zotani.

Atelala andikodola. Ayankhula motalika kuposa masiku onse, motsika kuposa masiku onse, mpaka ndinawerama kuti ndimve. Zinali za m'buku, koma theka lake sizinali za m'buku. Za kuima panja pa nyumba ya mng'ono wako ukumva mwana wako akuseka mkati, n'kusankha kusagogoda kuti kusekako kusaduke. Pomaliza ati ndikanene momwe anenera, ndisachotsepo ngakhale kamodzi.

Ndanyamuka ndi cholinga chabwino. Koma nditafika kuzenera ndaona wodi yonse yatchera makutu, amayi okolopa aimika mopu, ndipo ine ndiyenera kufuula zinthu zimenezo ngati ndikuitanira basi. Ndawerama pa khutu la Aphunzitsi n'kufuula kuti, "Akuti mukulakwitsa."

"Basi?"

"Mwachidule."

Aphunzitsi ati ngati a kwa Mkulu mfundo yawo ndi imeneyo, ndiye kuti alibe mfundo, mlandu watha, wina abweretse buku lina.

Ndisanatembenuke ndamva chitsulo chikukhwekhwereza pa simenti. Atelala anali atataya kansalu kaja pansi, akokera chitsulo pafupi, miyendo ili kale kunja kwa bulangete. Amafizo anasiya mayi wa nthiti mkono uli m'mwamba, anafika ngati mphepo, koma anangowamanga lamba m'chiuno n'kuima kumbuyo. Atelala sanamuyang'ane n'komwe. Sanayang'anenso pansi. Maso anali kuzenera, ndipo ndikuganiza kuti theka la ukaliwo linali langa.

Anaima. Anagwedezeka pang'ono, Apolisi anatseka maso. Kenako chitsulo patsogolo, phazi, phazi linalo. Chitsulo, phazi, phazi. Milomo ikuyenda, akubwereza mfundo yawo kuti isatayike panjira. Sisitala anatulukira pakhomo ndi thireyi ya mankhwala, anaima pomwepo ngati chipilala. Pa tebulo la pakati Atelala anapuma, thukuta lili kamukamu pamphumi, Amafizo anawafunsa motsitsa ngati akufuna mpando. Ati mpando ukamuthandize Mkulu amene akunyozedwa uko.

Atafika ine ndinapatuka. Anandidutsa ngati sitidziwana. Anafunsa kuti khutu lamoyo ndi liti, Aphunzitsi analoza, maso ali tong'o. Atelala anawerama pa chitsulo chawo n'kuyankhula m'khutumo ndi timawu tawo tomwe tija, osafuula, ndipo Aphunzitsi anamva. Zambiri zinali zawo awiri. Ine ndinamva zomalizira zokha.

"Wothawa saima, Aphunzitsi. Uyu anaima kuyambira m'mawa mpaka mwambo kutha, khadi atabweza ndi dzanja lake. Kulowa kunali kosavuta. Inu mumakudziwa kuwawa kwa kuima?"

Aphunzitsi anayang'ana chingwe cha ntchafu yawo, anayang'ana Atelala kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine ndinaiwala, mayi. Koma inu mwaimatu."

Apo ndi pamene Atelala anayang'ana pansi. Anaona mapazi awo pa simenti, anacheuka kuona bedi lawo lili kutali uko, bulangete likulendewera. Ati, "Kalanga ine. Nanga ndibwerera bwanji?"

"Momwe mwabwereramo," anatero Aphunzitsi.

Wodi inaphulika. Apolisi ankamenya chitsulo cha bedi ndi supuni, amayi okolopa akuvina ndi mopu, mayi wa nthiti akulira kuti timuchitire chifundo. Amafizo anatembenukira kukhoma kanthawi, akuti m'maso munalowa kanthu. Atelala anawakhazika pa mpando pambali pa Aphunzitsi kuti apume, anamwa madzi, bipi anayeza ili bwino. Aphunzitsi anati mfundo aimva, ndi yolemera, koma sanavomere, chifukwa mwana uja anayenera kufunsidwa ngati akufuna kutsanzikidwa kapena ayi. Atelala anati yankho la zimenezo ali nalo koma mpweya watha, abwera nalo mawa.

Kubwerera kunali kochedwa, anapuma kawiri, koma anafika ndi mapazi awo. Atagona ndinapita kukapepesa. Anandigwira dzanja la kanyula mosamala, akuseka ndi maso otopa. Ati sanakwiye, koma ntchito yandithera, kuyambira lero mawu awo azinyamula okha.

Ntchito yanga yoyamba chimalizire sukulu, ndipo andichotsa sabata isanathe.

Lachisanu, 21 Juni

36.7. Mankhwala a m'mitsempha atha, kanyula yachoka, ndayamba mapiritsi. Magazi atenganso. Zikakhala bwino ndituluka Lolemba. Ndadabwa kuti sindinafunse ngati zingatheke Loweruka. Achimwene abweretsa novelo ina yonenepa, ya banja lokanganirana hotela, ndipo Apolisi aitanitsa kale gawo loyamba, akuti mu hotela simulephera mtembo. Atelala ati ulusi ulipo, madzulo ailowetsa lumo.

Miyendo yawo yadzuka yowawa, Amafizo ati ndi kuwawa kwabwino. Atangomwa tiyi anayamba kumuitana kuti abwere ndi lamba wake, achedwa ku mlandu.

Adokotala aakulu alowa ndi gulu lawo mochedwerapo. Pakhomo anadutsa chikuku, mmodzi wa ophunzira anachikankhira pafupi kuti chikhale chokonzeka. Pa bedi langa sanakhalitse. Afika pa la Atelala, apeza pilo ndi magalasi. Ayang'ana Sisitala, afunsa kuti wodwala wapita kuti, ndani wamusamutsa osawauza.

Sisitala angoloza ndi chibwano.

Kuzenera Atelala anali chiimire, dzanja limodzi pa chitsulo, linalo likugogoda tsamba pamaso pa Aphunzitsi, Amafizo ali kumbuyo atagwira lamba ndi zala ziwiri. Adokotala anaima kuyang'ana kanthawi ndithu. Kenako anatuma wophunzira uja kuti akawauze abwere adzawayeze.

Wophunzira wapita, wawerama, wanena. Atelala sanacheuke. Wabwerera yekha akukanda m'mutu.

"Akuti mudikire pang'ono, adokotala, ali pakati pa mfundo. Kapena ngati mukufulumira, miyendo muli nayo."

Adokotala anapereka faelo kwa Sisitala, anauza wophunzirayo kuti achotse chikuku panjira, n'kuyamba kuyenda kupita kuzenera, gulu lonse pambuyo pawo.